Ndithandizeni: hotela yakale ya ku Assisi ndi mawondo a amayi

Abale anga a m'gulu muno, makamaka inu amene munafikako ku Italy, ndapota nanu ndigawireni nzeru ndisanalipire.

Ine ndimagwira ntchito ku Leicester. Amayi anga, a zaka 71, akubwera kuchokera ku Balaka kudzandiona, ndipo ndinawalonjeza kalekale kuti ndidzawatengera ku Assisi. Chithunzi cha Fransisko Woyera chakhala pakhoma la pabalaza pathu chiyambire ndili mwana, mpaka chinafwifwa ndi dzuwa. Iwo chomwe akufuna n'kukagwada pamanda ake basi.

Ndapeza kahotela ka zipinda zisanu ndi zinayi, m'nyumba yamiyala yakalekale kufupi ndi bwalo la pakati pa mzinda lotchedwa Piazza del Comune. Ndisaname, ndakopeka. Denga lake ndi la mitanda yamatabwa, zenera likuyang'ana chigwa chonse cha Umbria, ndipo amayi sanagonepo malo otero moyo wawo wonse. Koma mulibe chikepe, ndipo chipinda chotsala akuti chili pa "secondo piano". Amayi ali ndi nyamakazi, bondo lamanzere limatupa akayenda kwambiri, koma mukawafunsa amangoti "ndili bwino mwanawe". Ndilipire kapena ndifune kwina? Tikagona masiku atatu, kumayambiriro kwa Okutobala.

Mayi a ku Bradford: Achemwali, "secondo piano" si nyumba yachiwiri ayi. Amayamba ndi piano terra, yomwe ndi ya pansi, kenako primo, kenako secondo, ndiye mukwera kawiri. Komanso nyumba zakalezo denga limakhala patali, masitepe amachuluka kuposa a nyumba zathu za kuno. Ine ndinagona m'hotela yotero ku Siena ndi apongozi anga. Masitepe amiyala, odyeka pakati ngati mphero, oterera, chogwirira chake chingwe. Tsiku lachiwiri apongozi anakana kutsika, tinkawapititsira chakudya m'chipinda. Alembereni eni hotelayo akuuzeni nambala ya masitepe kuchokera pamsewu mpaka pabedi, osati kungoti "ndi ochepa".

Bambo a ku Bergamo: Vuto lalikulu si hotela, ndi mzinda womwewo. Assisi anamumanga m'mbali mwa phiri la Subasio. Sitima imakusiyani m'munsi ku Santa Maria degli Angeli, kenako mukwera basi kapena takisi kupita kumtunda. Kuchokera pa Piazza del Comune kupita ku tchalitchi cha San Francesco, komwe kuli manda a Fransisko, ndi mtsetse, mupita mukuimba. Pobwerera ndiye chitunda, ndipo amayiwo adzakhala atagwada kale ola lathunthu. Misewu yambiri ya mkati galimoto wamba saloledwa, ina ndi timakwalala tamasitepe, choncho funsani ngati takisi imafika pakhomo penipeni. Sutikesi ya mateyala pamiyala ija imalira mzinda wonse kumva.

Mayi a ku Luton: Inu mwaona tsiku koma? Pa 4 Okutobala ndi chikondwerero cha Fransisko Woyera, anamwalira pa 3 Okutobala 1226. Anthu amadzaza, mitengo ya zipinda imakwera. Ngati amayi akufuna Misa ya tsikulo, chabwino, koma ngati akungofuna kupemphera mwakachetechete sunthani ndi sabata imodzi.

Wofunsa: Mayi a ku Luton, tsikulo ndinasankha dala, amayi amalisunga chaka ndi chaka. Limenelo sindingasunthe, angandikwiyire.

Sisteri wina: Mwana wanga, bwanji osayang'ana nyumba za alendo za masisteri? Ku Assisi zilipo zambiri, nazonso ndi nyumba zakale, zina zili ndi chikepe chifukwa amalandira okalamba tsiku ndi tsiku. Kungoti ambiri amatseka chitseko usiku pa ola lake, ndipo chipinda chimakhala bedi, mtanda ndi tebulo. Mwinanso gonani m'munsi ku Santa Maria degli Angeli komwe kuli kosalala. Katchalitchi ka Porziuncola kali komweko mkati mwa tchalitchi chachikulu, ndipo Fransisko anamwalirira pomwepo pambali pake. Amayi anu angathe kuyenda okha kupita ku Misa ya m'mawa.

Bambo a ku Bergamo: Asisteri anena zoona, koma ndiikireko kumbuyo hotela yakaleyo pang'ono. Madzulo mabasi a alendo akachoka, kumtunda kumangoti zii, miyala ya nyumba imaoneka yofiirira dzuwa likamalowa, mabelu akulira. Ogona m'munsi zimenezo saziona. Ngati ali ndi chipinda cha pansi, tengani. Koma konzekani: kadzutsa wa kuno ndi khofi ndi kabanzi kotsekemera kotchedwa cornetto, ndipo ketulo m'chipinda sipezekapezeka. Amayi a ku Balaka opanda tiyi m'mawa, mudzandiuza. Mapulagi athu a mano atatu salowa, gulani adaputa. Pofika adzakufunsani mapasipoti nonse awiri, musadabwe, ndi lamulo kuti alembetse alendo kupolisi. Palinso kamsonkho ka mzinda ka munthu aliyense usiku uliwonse, nthawi zambiri kamalipiridwa padera pochoka.

Mayi a ku Bradford: Komanso viza mwaiganizira? Ya ku UK siwalowetsa ku Italy, pakufunika ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo mwa lamulo munthu amafunsira kudziko komwe amakhala. Ayambe asananyamuke kumudzi. Adzafuna umboni wa malo ogona ndi inshuwalansi ya chipatala yofika 30,000 euro, ndiye sungitsani chipinda choti mutha kuchibweza osataya ndalama.

Wofunsa: Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso, za viza ndimaganiza kuti tikachitira konkuno. Ndawalembera a hotela aja ndipo ayankha msanga: masitepe 46, takisi imaima pakona, chipinda cha pansi anthu anatenga kale. Ndawaimbira amayi kuwauza, akuti "46 yokha? Nanga phiri la ku Chaone ndinkakwera ndi mtolo pamutu lija?" Ndawakumbutsa kuti nthawi imeneyo n'kuti ine ndisanabadwe, angoseka. Asisteri, ndakulemberani kumbali, mundithandize kupeza nyumba ya masisteri ya kumtunda yokhala ndi chikepe, chifukwa mabelu a madzulo aja ndikufuna amayi akawamve.