Kompyuta ikukana kudzuka external ikakhala pomwepo

Wa ku Kamwala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi HP desktop yakale ya mayi wina wojambula zithunzi za mapasipoti kuno ku Kamwala. Mukayatsa kompyutayo external (disiki yapadera yobaya pa USB) ili yolumikiza, chizindikiro cha HP chikubwera bwinobwino, kenako sikirini kuti bii, kamzere koyera kakungophethira pakona. Mukaizula n'kuyatsanso, Windows 10 ikulowa mosavuta. Dzulo ndinalowa mu BIOS (pulogalamu ya pa bodi yosankha disiki yodzutsira kompyuta) ndi F10, n'kukweza disiki ya m'kati kuti ikhale yoyamba, zinatheka. M'mawa uno andiimbira kuti matenda abwerera. Zithunzi za makasitomala zonse zili pa external imeneyi, ndiye za format musazitchule n'komwe.

Wa ku Matero: Achimwene, mwaibaya kutsogolo kapena kumbuyo? Timadisiki ta mainchesi 2.5 timadya moto wa USB womwewo. USB 2.0 imapereka 500 mA basi, pomwe 3.0 imafika 900 mA. Yesani poti yakumbuyo, musinthenso kebo.

Wa ku Kamwala: Zonsezo ndayesa, palibe chasintha.

Wa ku Chilenje: Si njala ya moto imeneyo. Ikadakhala njala mukadamva disiki ikulira kuti tiki tiki, ikulephera kuzungulira. Kamzere kophethirako kakutiuza kuti BIOS yamaliza mbali yake, koma yapereka chiwongolero kwa disiki yolakwika. Yatsani kompyuta external ili pomwepo, dinani F9 kuti pabwere mndandanda wa madisiki odzutsira, musankhe disiki ya m'kati. Muwafunsenso mayiwo: external imeneyi anaigula ili choncho, kapena ndi disiki ya laputopu yoikidwa m'kabokosi?

Wa ku Kamwala: Achemwali, mwalasa. Ndi F9 yalowa. Ndipo akuti inachoka mu laputopu ya mwana wawo yomwe inapsa bodi.

Wa ku Chilenje: Basi, ikudziyesabe disiki yodzutsa Windows. Kagawo kake ka System Reserved kadakali active, kutanthauza kuti kakuuza BIOS kuti idzutsire pamenepo. Tsegulani cmd (kazenera kolembamo malamulo mu Windows) ngati administrator, lembani diskpart, kenako list disk, select disk ndi nambala yake, list partition, select partition, pomaliza inactive. Nambalayo muitsimikize poona kukula kwa disiki, chifukwa mukachita zimenezi pa ya m'kati mwadzikumbira dzenje lina. Ndipo chala chisalembe clean, lamulo lofufuta magawo onse a disiki, chonde. Mnyamata wanga wina anatero chaka chatha, tinagona pashopu tikusakasaka mafayilo a eni ake.

Mudala wa ku Cairo Road: Ana inu, nonse mwathamangira disiki. Palibe wafunsa kuti zimene mnzathu anakonza dzulo zapita kuti usiku umodzi. BIOS siiwala popanda chifukwa. Kaoneni tsiku ndi nthawi m'menemo. Kompyuta ikakhala pasoketi yamoto, bodi imalandirabe pang'ono ngakhale yazimitsidwa. Magetsi akathima, kapena mayiwo akazimitsa pakhoma poweruka, zonse zimatsamira pa kabatire kaja kozungulira, CR2032. Kakafa, m'mawa BIOS imabwerera pa zimene inabadwa nazo, ndipo pa makina ambiri akale USB imakhala patsogolo pa disiki ya m'kati.

Wa ku Matero: Apa ndagonja, mudala.

Wa ku Kamwala: Ndafikanso pashopu pawo. Mayiwo akuti m'mawa uliwonse pamabwera mawu akuti 163-Time & Date Not Set, iwo amangodina F1 n'kupitiriza. Miyezi itatu akuchita choncho, koma osandiuza, akuti ankaona ngati ndi moni wa kompyuta. Kabatire ndakayeza ndi mita, sikakufika ndi 2 volts yomwe m'malo mwa 3. Ndaika katsopano, ndakonza tsiku ndi boot order, ndachitanso za diskpart zija. Ndazula pulagi kwa theka la ola, ndayatsa external ili pomwepo, yalowa.

Wa ku Chilenje: Musanalandire ndalama, external imeneyo iyendetseni pa CrystalDiskInfo, pulogalamu yoyeza thanzi la disiki. Disiki yomwe inavutika kale mu laputopu sindiikhulupirira.

Wa ku Kamwala: Yaonetsa Caution yachikasu, pa Current Pending Sector Count, chiwerengero cha malo a pa disiki amene akuvuta kuwerengeka.

Mudala wa ku Cairo Road: Ndiye musaiyambitse chkdsk, lamulo la Windows lofufuza ndi kukonza zolakwika pa disiki. Koperani kaye zithunzizo lero lomwe, kuyambira za chaka chino, mafoda ochepaochepa. Ikakakamira pa fayilo ina, idumpheni.

Wa ku Kamwala: Ndayamba kale. Mayiwo atuma mwana m'tauni kukagula ina ya 1TB.