Masewero a pa TV a ku Germany: n'chifukwa chiyani satha pomwe nkhani zake n'zokokomeza chonchi?

Nachisale92

Moni nonse. Ndikuphunzira Chijeremani ndipo aphunzitsi akuti tizionera masewero a tsiku ndi tsiku aja kuti khutu lizolowere. Koma abale, sabata imodzi yokha wina wakomoka, wina watulukira kuti amene wamulera si bambo ake omubereka, wina akukonzera mnzake chiwembu. Ajeremani timawadziwa kuti sakonda zachibwana, nanga izi amazikonderanji mpaka sewero limodzi kutha zaka 30? Ndipo loyamba nalo ndi liti?

Phiri_wa_Kanema

A Nachisale, poyamba musiyanitse mitundu iwiri, chifukwa mukaisokoneza mudzadikira mathero amene kulibe.

Woyamba ndi sewero lopanda mathero. Mkulu wa onse ndi Gute Zeiten, schlechte Zeiten, imene aliyense amangoti GZSZ. Inayamba pa wayilesi ya kanema ya RTL pa 11 May 1992, imaonetsedwa Lolemba mpaka Lachisanu nthawi ya 7:40 madzulo, nkhani yake imachitikira ku Berlin ngakhale amajambulira ku Babelsberg, mu mzinda wa Potsdam. Mulibe munthu mmodzi amene ndi mwini nkhani. Muli gulu la anthu, ndipo nkhani zitatu kapena kuposa zimayenda nthawi imodzi: ina ikuyamba, ina yafika potentha, ina ikutha. Unter uns ya ku Cologne, imene inayamba mu 1994, ndi ya mtundu womwewu.

Wachiwiri ndi telenovela, monga Sturm der Liebe ya pa wayilesi ya kanema ya ARD, yoyamba mu 2005. Apa pali mnyamata ndi mtsikana amene aliyense akudziwa kuti adzakwatirana, ndipo ntchito ya olemba ndi kuwatchingira njira. Sturm der Liebe anaikonzera magawo 100 okha, koma anthu ataikonda anapeza nzeru: ukwati ukachitika, awiriwo amachoka pa hotela ya Fürstenhof, n'kubwera awiri ena. Hotela, eni ake ndi mikangano ya chuma zimatsala.

Za kukokomeza, dziwaninso kuti zambiri si zobadwira ku Germany. GZSZ inatengedwa ku sewero la ku Australia, The Restless Years. Verbotene Liebe ya 1995, momwe Jan ndi Julia amakondana osadziwa kuti ndi mapasa olekanitsidwa ali makanda, inachokera ku Sons and Daughters, ya ku Australia komweko.

MaiBanda_Script

Ndiwonjezere za kuseri kwa kamera, poti kukokomezako kumabadwira kumeneko. Sewero la masiku asanu pa sabata limafuna kuti tsiku lililonse la ntchito pajambulidwe pafupifupi gawo lathunthu. Kwa GZSZ ndi mphindi zopitirira pang'ono 20, kwa Sturm der Liebe pafupifupi 50. Filimu ya ku sinema imatha tsiku lonse pa mphindi zowerengeka chabe.

Liwiro limeneli limatheka chifukwa zipinda ndi zomangiratu mu situdiyo, magetsi ali pamalo pake, makamera angapo amajambula limodzi. Kujambulira panja kumadya ndalama ndi nthawi, n'chifukwa chake anthu amangokumana m'bala, m'khitchini ndi pa masitepe. Ndiye ganizani: muli ndi anthu awiri m'chipinda, mulibe galimoto zothamangitsana, mulibe nkhondo. Chokoka mtima chatsala n'chiyani? Chinsinsi. Woonera amauzidwiratu kuti mimbayo si ya mwamunayo, kenako amadikira masabata kuti bomba liphulike. Wina aima kuseri kwa chitseko, amva theka la nkhani, aimva molakwika, basi olemba apeza chakudya cha mwezi wathunthu.

Olembawo amagwira mosinthana. Gulu lina limakonza kumene nkhani ikulowera miyezi ikubwerayi, lina limaigawa m'magawo, lina limalemba mawu olankhula. Gawo lililonse liyenera kuthera m'malere, kamera itayang'anitsitsa nkhope ya munthu wodzidzimuka.

Zimasokonekera apa: wosewera akadwala, akakhala woyembekezera kapena akapeza ntchito kwina. Kukomoka kwa miyezi kumene mukudandaula kuja nthawi zambiri ndi njira yosungira malo a munthu amene palibe. Akachoka koma akufunikabe, "amafa" pa ngozi imene mtembo supezeka. Mukaona maliro opanda mtembo, musalire kwambiri.

Gama_wa_ku_Bonn

Mai Banda afotokoza bwino, koma sindikuvomereza kuti zonse ndi liwiro la situdiyo. Lindenstraße inkaonetsedwa kamodzi pa sabata, Lamulungu madzulo, kuchokera pa 8 December 1985 mpaka pa 29 March 2020, magawo 1,758. Hans W. Geißendörfer anaipanga potengera Coronation Street ya ku Britain, ndipo munalibe nyumba zachifumu. Munali msewu wamba wa ku Munich, anthu a lendi, ulova, Edzi, kusankhana mitundu, mabanja kutha. Mu 1990 amuna awiri atapsompsonana m'seweroli, wosewera wina analandira makalata omuopseza. Pa tsiku la chisankho anthu a m'sewero ankatha kukambirana zotsatira za tsiku lomwelo, chifukwa kachigawo kameneko ankakalowetsa pomaliza penipeni.

Chimene chimagwira anthu ndi kuzolowerana. Marie-Luise Marjan anasewera Helga Beimer kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza, moti dziko lonse linkangoti "Mutter Beimer", kutanthauza Mayi Beimer. Jo Gerner wa mu GZSZ, loya wa kamberembere uja, Wolfgang Bahro wakhala akumusewera kuyambira 1993. Munthu amene mwamuona akukalamba pamaso panu, ngakhale akhale tambwali, simumutaya. Andale amazidziwa zimenezi: Gerhard Schröder anaonekera mu GZSZ mu 1998, chaka chimene anasankhidwa kukhala Chancellor, mtsogoleri wa boma la Germany.

Phiri_wa_Kanema

Ku funso loti muyambe ndi liti: osati GZSZ. Amalankhula mothamanga, ndi Chijeremani cha achinyamata a m'tauni, komanso zambiri pa RTL+, tsamba la pa intaneti loonerapo seweroli, ndi zolipira. Yambani ndi Jojo sucht das Glück ya Deutsche Welle, imene inapangidwira ophunzira, magawo ake ndi a mphindi zochepa ndipo ndi yaulere. Kenako pitani ku Sturm der Liebe kapena Rote Rosen ya ku Lüneburg pa ARD Mediathek, tsamba la pa intaneti la ARD. Mfundo imodzi amaibwereza kwa anthu atatu osiyana m'gawo limodzi, zimene zimatopetsa Mjeremani koma kwa inu ndi phindu. Yatsani mawu olembedwa pansi a Chijeremani, osati a Chingerezi. Mavidiyo ena pa Mediathek amakana kutseguka mukakhala kunja kwa Germany, ndipo gawo la mphindi 50 limadya bandulo, choncho tsitsani "quality" ya chithunzi musanayambe. Musavutike kufunafuna gawo loyamba. Lowani pomwe pafika, pakutha sabata mudzakhala mutadziwa amene akunamiza mnzake.