Ndithandizeni nzeru: mpongozi wanga wa ku Philippines akuphunzitsa abale ake, mwana wanga akudandaula

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha malangizo makamaka kwa inu amene mumagwira ntchito ndi anthu a ku Philippines kuno ku Britain, kapena amene munalowana nawo chibale. Mwana wanga wamwamuna anakwatira namwino wochokera ku Iloilo ku Philippines, ndipo tonse timakhala m'dera limodzi ku Manchester. Mpongozi wangayo ndi woyamba kubadwa kwawo, choncho ndi iye amene akusenza maphunziro a mng'ono wake ndi mlongo wake, omwe onse ali ku yunivesite.

Poyamba ndinkaganiza kuti nkhani yake ndi ya fizi basi. Anandifotokozera kuti mu 2017 Pulezidenti Rodrigo Duterte anasaina lamulo lotchedwa Republic Act 10931, lomwe linachotsa fizi m'mayunivesite a boma, moti mng'ono wake amene ali ku sukulu ya boma salipira fizi. Komabe lendi ya chipinda, chakudya, mabuku, yunifolomu ndi thiransipoti zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo mlongo wake ali ku koleji yomwe si ya boma, kumene fizi imalipiridwa yonse.

Chimene chinandigwira mtima ndi njira imene iye ndi anzake amapezera ndalamazo. Sadalira malipiro okha. Amayi angapo a ku parishi yawo amakumana Loweruka n'kuphika limodzi, ndipo Lamlungu Misa ikatha amagulitsa chakudyacho kwa anzawo. Amaphika adobo, yomwe ndi nkhuku kapena nyama ya nkhumba yowiritsidwa pang'onopang'ono mu viniga, msuzi wa soya ndi adyo, amakazinga lumpia (timitanda topyapyala tokulungiramo nyama kapena ndiwo zamasamba), amaphikanso pancit (chakudya chonga supageti), imene pa maphwando a tsiku lobadwa siisowa chifukwa amati utali wake ukuimira moyo wautali. Ine imene inandikomera kwambiri ndi sinigang, msuzi wowawasa umene amathiramo bwemba, ngakhale kuti mwana wanga mpaka lero saukonda. Maphikidwe onsewa anawaphunzira kwa amayi ndi agogo awo, ndipo aliyense amaumirira kuti adobo ya kwawo ndiyo yeniyeni. Phindu limapita kwa wophunzira amene banja lake lapanikizika mwezi umenewo. Kupatula apo ali ndi chipereganyu chawo chimene amachitcha paluwagan, ndipo mpongozi wanga amapempha kuti ulendo wake wolandira ugwe pa nthawi yotsegulira sukulu.

Vuto lili apa. Mwana wanga akunena kuti Loweruka lililonse nyumba yawo imasanduka khitchini ya gulu, kuti mkazi wake amatopa pamene wangochoka kumene ku ntchito ya usiku, ndiponso kuti iwo eni sanayambe kusunga ndalama zogulira nyumba. Sakutsutsa kuthandiza, koma akufuna kudziwa kuti zidzatha liti. Mpongozi wanga akuyankha kuti iyenso anaphunzitsidwa unamwino ndi azakhali ake amene ankagwira ntchito ku Hong Kong, ndipo kusiya abale ake pakati pa maphunziro kungakhale kusayamika kumene sangathe kukufotokoza kwa makolo ake. Kunena zoona, mtima wanga uli kwa mpongoziyo, pakuti mwana wanga yemweyu anamaliza sekondale chifukwa cha amalume ake amene ankatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg. Koma ndikuopa kuti ndikalankhula choncho adzati amayi ake amutembenukira.

Tsopano amayi aja andiitana kuti ndilowe nawo chipereganyu, komanso kuti ndikadye nawo Noche Buena, mgonero wa banja wa usiku wa pa 24 Disembala. Kodi ndikalowa, sindidzaoneka ngati ndasankha mbali pa nkhani ya m'banja la ana? Nanga ndikakana, kwawo sizidzamveka ngati chipongwe? Ndikufunanso kumva kwa amene munakumanapo ndi zotere ngati n'zotheka kugwirizana ndi makolo a ku Iloilo za malire, mwachitsanzo kuti thandizo lidzaleke ana awiriwa akamaliza, kapena kuti womaliza woyamba adzatenge udindo wa mnzake. Nkhani yotere ayenera kuiyamba ndani, mpongozi yekha, mwamuna wake, kapena ife makolo a mbali zonse ziwiri? Kuno ankhoswe awo kulibe, ndipo makolo a mpongozi wanga ndimangolankhula nawo pa foni.