Corolla ija yadzuka: vuto linali valavu

Zikomo nonse amene munandiyankha za Corolla yanga ya injini ya 5A-FE, imene inkanjenjemera ndipo compression yake (mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda) inali yotsika. Munanena zoona, ndinkayeza molakwika: injini ili yozizira, osaponda mafuta mpaka pansi. Nditaitenthetsa n'kuchotsa mapulagi onse, mwa masilinda anayi, atatu anafika cha m'ma 170 psi pa geji yoyezera, koma silinda nambala 3 yokha 95.

Kenako ndinatsata malangizo a achimwene ena amene anandiyankha, kuthira kasupuni ka oyilo pabowo la pulagi n'kuyezanso. Singano ya geji sinakwere n'komwe. Ikanakwera, bwenzi tikukaikira ma ring a pisitoni. Titatsegula head (chivundikiro cha pamwamba pa masilinda) tinapeza valavu ya ekizosi itapsa, m'mphepete mutadyeka ngati chimanga chofumbwa. Tasintha valavuyo ndi gasiketi, pano silinda ija ikuwerenga 165, kunjenjemera kuja kwatha.

Batire likhale lamphamvu poyeza, lofooka limanamiza. Komatu makanika wina ankati ndigule injini ina!