Ndikulemba buku la nkhondo ya ku Mozambique, koma chinsinsi chake ndi cha pakhomo pathu

Abale anga muno mu Joni, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo ndikaweruka ndimalemba buku la nthano pafoni. Nkhani yake ndi nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ija inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Kwathu ndi kumalire cha ku Ntcheu, komwe ukangowoloka msewu wa M1 wafika ku Angonia. Amayi ndi amalume anabadwira tsidya limenelo.

Agogo asanatisiye anandiuza kuti amalume sanangothawa nkhondo basi monga tinkamvera. Amatsanga, asilikali a Renamo, anawagwira ali kamnyamata, ndipo usiku wina anawakakamiza kuwalozera nyumba ya mphunzitsi wa m'mudzi mwawo. Mphunzitsiyo anaphedwa, sukulu inatenthedwa. Mkazi wake ndi ana anathawira kwathu ku Malawi, tinakula nawo, tinkatunga madzi pa mjigo umodzi. Mpaka lero sadziwa. Amalumewo ndiwo mwini mbumba, ndiwo anandilipirira fizi, komanso ndi mkulu wa mpingo.

Funso langa lili pawiri. Ndikasintha mayina ndi mudzi, zikwana? Nanga bukuli lithe bwanji? Mtima wanga umafuna munthuyo akaime m'khoti, koma ku Mozambique boma linakhululukira onse mu 1992, ndipo kunalibe bungwe lofufuza zoona ngati TRC imene anatsogolera a Desmond Tutu kuno ku South Africa. Ndikalemba khoti ndikhala ndikunamiza owerenga.

Bambo wa ku Rosettenville:
Mlongo, werengani za Ahmed Timol. Anafa mu 1971 atagwa kuchokera pamwamba pa polisi ya John Vorster Square muno mu Johannesburg, apolisi n'kunena kuti anadziponya yekha. Mwana wa mlongo wake sanaisiye nkhaniyo mpaka khoti linagamula mu 2017 kuti anachita kuphedwa. Wapolisi amene anazengedwa mlandu anamwalira mu 2021 usanaweruzidwe. Palibe analowa m'ndende, komatu banja linamva zoona zikunenedwa poyera. Mathero otere ndi omwe angakwane buku lanu.

Mayi wa ku Turffontein:
Mwana wanga, anthu akumudzi sapusitsika ndi mayina. Akangomva za mphunzitsi ndi sukulu yotenthedwa, adziwa tsiku lomwelo. Ndipo ganizira bwino, amalume ako anali mwana, mfuti ili pamsana. Anyamata ambiri anagwidwa motero. Usatulutse kanthu usanapite kukakhala nawo pansi, uwafunse mwaulemu, pali ankhoswe kapena abusa.

Mnyamata wa ku Nsanje:
Pepani amayi, ine sindikugwirizana nanu kwenikweni. Ndinabadwira mu kampu ya Mankhokwe, ndipo bambo anga anasowa pa nkhondo yomweyo, ngakhale manda awo sitikuwadziwa. Nonse mukuganizira amalume, nanga ana a mphunzitsi? Wina akanadziwa chimene chinachitikira bambo anga, ndikanafuna andiuze pamaso, osati ndikazipeze m'buku logulitsidwa. Achemwali, anthu amenewo ndiwo ayenera kumva koyamba. Mwina akwiya, mwina akhululuka, koma asankhe okha.

Wofunsa:
Achimwene a ku Nsanje, mawu anu andilasa, pepani kwambiri ndi za bambo anu. Ndipita kumudzi pa Khirisimasi ndipo ndiyamba ndi amalume, chifukwa ndikufuna akawauze okha ndi pakamwa pawo. Koma akakana n'kunena kuti agogo anali atasokonezeka mutu ndi ukalamba, ine ndili ndi ufulu wopita ndekha kwa ana a mphunzitsi? Amayi anga akali moyo ndipo akukhala m'mudzi momwemo, mkwiyo wonse udzagwera iwo ine ndili kuno. Amene munadutsamo mu zotere, mundiuze munayamba bwanji.