Za funso lija la kusintha foni

Sabata yatha ndinafunsa kuti munthu angadziwe bwanji ngati nthawi yotenga foni yatsopano pa mgwirizano wake wolipira foni mwezi ndi mwezi yakwana, poti makampani ambiri salongosola bwino pa intaneti. Ndayang'ana makampani atatu.

Yoyamba yandisangalatsa. Ukangolowa mu akaunti, tsiku lenileni likuoneka pamwamba penipeni, pamodzi ndi ngongole yotsala ya foniyo.

Yachiwiri ndiye yochenjera. Yalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti utha kusintha lero lomwe, koma kumunsi, m'timalemba toti mpaka uyandikitse foni kumaso, akuti uyambe walipira theka la ngongole ndipo ubweze foni yakale ikugwira ntchito, galasi lake lopanda mng'alu. Pa mgwirizano wa miyezi 24, theka limenelo ndi miyezi 12. Lamulolo silachilendo ayi, ngakhale kampani ya Apple, pa ndondomeko yake yosinthira foni yotchedwa iPhone Upgrade Program, imafuna malipiro a miyezi 12, koma bwanji kulibisa? Ine ndikanadina batani osadziwa kanthu, chikhala kuti mng'alu wa pakona ya foni yangayi sunandikayikitse.

Yachitatu inandipereka kwa roboti yoyankha mafunso, yomwe inandizungulitsa katatu kenako n'kundiuza kuti ndiwaimbire.