Prado ya 1999 pa K27 miliyoni chifukwa cha ulendo wa ku Lesotho, ndigule?

Bambo a Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mu Ogasiti ana ali pa holide tikufuna tipite ku Lesotho pagalimoto, akaone chipale chofewa ndi maso awo. Njira ndi ya Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Joni, kenako Underberg n'kukwera Sani Pass. Vuto ndi loti pa boda ya South Africa m'munsi mwa phirilo amafuna galimoto ya 4x4, pomwe ine ndili ndi Sienta. Pali mkulu wina cha ku Kamuzu Road kuno ku Salima akugulitsa Prado ya 1999, ya dizilo, pa K27 miliyoni. Ndigulitse Sienta n'kuwonjezerapo?

Che Jafali wa ku Kota: Achimwene, musanapereke ngakhale tambala, gonani pansi pa galimotoyo muone ndi maso anu. Ine munthu wina wogulitsa magalimoto ku Lilongwe anandipweteka. Pikapu yooneka bwino, ukakoka giya ya 4x4 kanyali kumayaka bwinobwino padashibodi. Tsiku lomwe ndinatitimira m'matope cha ku Bua, matayala akumbuyo akungozungulira, akutsogolo ali chete. Anyamata atasuzumira pansi anapeza kuti shafiti yakutsogolo mulibe, anachotsa kalekale. Ndikamuimbira akuti munagula mutaona. Mpaka lero ndikamakumbukira mtima umawawa.

Madala Joni: 27 ndi yambiri. Mlamu wanga anagula yoteroyo pa 19. Komabe ine zakale sindigwira, Fortuner yanga ndinaitenga ku Durban ndekha n'kubwera nayo osatsegula boneti. Sani ndinakwera ndikumwa tiyi.

Mai a Chisomo: Madala, pa 19 chinali chaka chiti? Kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kapena itagwa?

Madala Joni: Galimoto ndi galimoto, mayi.

Amakaniko a pa Kaphatenga: Bambo a Tadala, funso lanu ndi labwino koma mukuyang'ana malo amodzi okha. Kuno kunyanja tili pansi, cha pa mamita 500 okha kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Pamwamba pa Sani mukhala mutayandikira mamita 2,900. Mpweya kumeneko ndi wochepa, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake pa mamita 1,000 alionse omwe mwakwera. Ndiye choyamba funsani ngati Pradoyo ili ndi turbo, ndipo ngati ikugwira. Chachiwiri, tsegulani rediyeta. Magalimoto ambiri a kuno kwathu amayendera madzi a pamjigo chifukwa sitinaonepo madzi akuuma okha. Kumeneko usiku wa Ogasiti madzi amenewo amauma n'kukhala mwala, amafufuma, ndipo akhoza kung'amba rediyeta kapena injini yeniyeniyo galimoto itangoima panja. Pamafunika kutsuka, kuthira antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuuma. Ma glow plug, omwe amatenthetsa injini ya dizilo kuti ilire kukazizira, onse akhale amoyo, batire ikhale yatsopano. Galimoto yomwe imalira kamodzi m'kutentha kwa Senga Bay ikhoza kukukanirani m'mawa wa chisanu.

Bambo a Tadala: Zikomo bwana, za rediyeta sindinaganizeko. Mwiniwake akuti injini anangoikonza kumene.

Che Jafali wa ku Kota: Onse amatero.

Amakaniko a pa Kaphatenga: Mufunseni anaikonza chifukwa chiyani. Komanso potsika ndi pomwe pali ngozi kuposa pokwera. Mukamangoponda buleki, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira. Pamafunika giya yotsika, injini izikugwirirani. Ngati low range yake, giya ya 4x4 yoyendera pang'onopang'ono mwamphamvu, imatuluka yokha, isiyeni galimotoyo.

Mai a Chisomo: Koma abale, bwanji mukukakamira khomo limodzi ngati Lesotho ali ndi boda imodzi? Lowerani ku Caledonspoort kufupi ndi Fouriesburg, mufike ku Butha-Buthe, mukwere Moteng Pass. Msewu ndi wa tala, ndipo Afriski komwe anthu amakasewera ndi ana pa chipale ndi mbali yomweyo. Ngati mtima uli pa Sani penipenipo, ku Underberg kuli anthu omwe ntchito yawo ndi kukweza alendo pa 4x4 zawo, kupita m'mawa kubwera madzulo. Mungosiya Sienta pansi, mulipire tsiku limodzi. Mamiliyoni onsewo chifukwa cha kachigawo kamodzi ka msewu? Ndalamazo gulirani ana majekete enieni, masokosi aubweya ndi zipewa. Pa kaunjika kuno zimakhalapo, palibe amazilimbirana.

Madala Joni: Kukwezedwa ngati katundu ayi. Mwamuna amayendetsa yekha.

Amakaniko a pa Kaphatenga: Njira ya mayiwa ndi yoona, kungoti Sienta yodzaza anthu ndi zikwama idzamva kuwawa pa Moteng. Giyabokosi yake sikonda chikweza chachitali. Muziima, izipuma. Ndipo chipale chikagwa chambiri amatha kutseka msewu, kaya muli pa chiyani.

Aphunzitsi a ku Dwangwa: Ine ndingofunsa, madola muwapeza kuti? Pa boda ya Zimbabwe mudzalipira zolowetsera galimoto, m'njira muli ma tollgate, mafuta a ulendo wonse kupita ndi kubwera ndi a ndalama zakunja. Prado imamwa kuposa Sienta kutalitali. Bwanji osangopita ku Nyika? Ku Chelinda mu Juni ndi Julayi udzu umayera ndi chisanu m'mawa, mbidzi zili pomwepo, pasipoti osafunika.

Bambo a Tadala: Aphunzitsi, ku Nyika tinapitako kale, ndipo msewu wochokera ku Rumphi nawo si wa Sienta. Ana akufuna chipale chogwira m'manja. Ndinawalonjeza.

Madala Joni: Za mapepala musadandaule, inshuwalansi ya galimoto ya Yellow Card ya COMESA imodzi basi mpaka ku Maseru.

Aphunzitsi a ku Dwangwa: Ayi Madala, musasocheretse munthu. Ku Zimbabwe imagwira, koma Mozambique, South Africa ndi Lesotho sali mu COMESA. Ku Mozambique inshuwalansi mumagula pa boda. Komanso bambo a Tadala, mukagula galimoto lero, blue book isinthidwe ikhale m'dzina lanu musananyamuke, ndi chikalata cha apolisi chotulutsira galimoto kunja. Mukapita ndi dzina la mwini wake wakale mudzafunika kalata yachilolezo, apo ayi mudzagona pa Dedza.

Che Jafali wa ku Kota: Ine blue book yanga inatenga miyezi, wogulitsa uja akungondizemba.

Sisi Nabanda: Ine ndinamva kuti Prado ngati imeneyo ku Mzuzu ikupita pa 35. Ngati ili bwino gulani, mukabwerako idzakuthandizani m'dzinja pa M5, maenje ake mukuwadziwa. Ulendo ndi wa masabata awiri koma galimoto ndi ya zaka.

Mai a Chisomo: Ndipo matayala anayi a Prado, mwafunsa mtengo?

Bambo a Tadala: Sindinafunse. Amakaniko, Loweruka mungapeze mpata tikaione limodzi?

Amakaniko a pa Kaphatenga: Loweruka ndili ndi maliro ku Khombedza. Lolemba m'mawa, koma muuzeni asailize tisanafike, ndikufuna ndiimve ikudzuka injini ili yozizira.

Sisi Nabanda: Mukapitadi mundigulireko bulangete la Abasotho, ndikupatsani ma rand. Amalandira rand kumeneko eti?

Aphunzitsi a ku Dwangwa: Amalandira.